Nyama Yosawola ya aNyaHarawa

Apongozi anga aakazi, aNyaHarawa, anandisiyira lamulo limodzi lokha lokhudza maliro awo. Za bokosi sananene, za nyimbo sananene, ngakhale za amene adzalalikire analibe nazo ntchito. Anangoti pasadzapezeke munthu wowapaka chilichonse kumaso, makamaka pamilomo, ndipo ine ndidzawayang'anitsitse bokosi lisanatsekedwe. Ndiye tsiku lija ku mochale, mayi wina wokonza mitembo atatulutsa kachikwama kake ka zodzoladzola, ndinamugwira dzanja. Anandiyang'ana ngati wamisala. Ndinawerama n'kuchita zimene anandituma eni ake. Milomo yawo inali yotuwa, yofota, ya munthu amene wapitadi. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo m'pamene misozi inabwera.

Mwezi uno chakwana chaka. Tinakawaika kwawo ku Rumphi, koma moyo wawo wonse wauchikulire anathera ku Zingwangwa, m'nyumba ya njerwa zowotcha kumtunda kwa msika, moyang'anana ndi phiri la Soche. Anali mayi wamtali, wowonda, woyenda mowongoka ngati wasenza ndowa yodzaza. Magalasi awo ankalendewera pachifuwa ndi kachingwe, ndipo ambulera sankaisiya ngakhale mu Okutobala. Anagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ya boma yopima zakudya. Amuna awo anamwalira ine ndisanalowe m'banjamo. Chinyanja chawo chinali ndi kafungo ka kumpoto mpaka tsiku lomaliza, ndipo dzina langa sanalitchulepo. Ankandiitana NyaMuhiwa, potengera dzina la bambo anga, ngakhale kwathu ku Mulanje maitanidwe amenewo kulibe.

Kupita nawo kumsika kunali chilango. Pa butchala munthu amaloza nyama, amupimira, n'kumapita. Iwo ayi. Ankauza mwini butchala kuti adule pena patsopano iwo akuona, kenako n'kuvala magalasi, kuima chilili kudikira. Podulidwa kumene, nyama ya ng'ombe imakhala yakuda mofiirira ngati chiwindi. Ikamenyedwa ndi mpweya pang'ono imayamba kuwala, kufiira kwake kumadzuka. Zimenezo n'zimene ankadikira, anthu atafola kumbuyo kwawo akung'ung'udza. Ankandiuza kuti kufiira kwa nyama si magazi monga timaganizira, magazi ambiri amatha pozinga. Ndi utoto wa mumnofu mwenimwenimo, umene iwo ankautchula kuti mayogulobini, ndipo umasintha malinga ndi chimene wakumana nacho. Ukakumana ndi mpweya umawala, ukakhalitsa umadera ngati dzimbiri, pakuti muli kachitsulo pang'ono. Choncho nyama yodera si kuti yawola, ndipo yofiira si kuti ndi yabwino. Pa ziwalo zonse za munthu, ankatero, diso ndiye losavuta kulinamiza, n'chifukwa chake uyenera kufunsanso mphuno ndi chala.

Mdani wawo wamkulu pamsikapo anali aMakwinja, bambo wamfupi wamimba, wogulitsa nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi. Bambowa anali ndi kachizolowezi kopaka magazi a lero pa nyama ya dzulo, ndipo pamwamba pa benchi yawo anapachikapo babu lofiira. ANyaHarawa ankatulutsa kansalu koyera m'chikwama, kupukuta nyamayo pamaso pa makasitomala, n'kuwaonetsa kansaluko osanena kanthu.

"Abwera apolisi a nyama aja!" ankakuwa aMakwinja. "Mayi inu, bizinesi yanga mukuiphera chiyani? Ndinakulakwirani chani ine?"

"Zimitsani babulo, aMakwinja, tione nyama."

Anakangana choncho zaka ndi zaka. Koma apongozi anga sindinawaonepo akugula kwa wina, ndipo nthuli yabwino aMakwinja ankawabisira pansi pa benchi.

Mkangano wanga ndi iwo sunali wa nyama. Nditangobereka mwana woyamba tinkakhala nawo m'nyumba imodzi. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse, kuzizira kolowa m'mafupa. Masana ena ndinalowetsa mbaula pabalaza, n'kutseka chitseko ndi mawindo kuti khanda lifundidwe. Iwo anali atapita ku mapemphero a amayi. Atabwerako n'kutsegula chitseko anaima kaye, kenako anakuwa m'Chitumbuka mawu amene sindinawamve. Ananyamula mbaula ija ndi manja opanda kanthu, makala ali psuu, n'kukaiponya pabwalo. Anabwerera, kundilanda mwana, kumutembenuzira kowala n'kumuyang'ana pakamwa ndi m'zikhadabo. Zikhato zawo zinali zitatuluka kale matuza koma sankamva. Anandinena kuti ndine wopanda nzeru, pamaso pa aneba amene anathamangira phokosolo. Ndinalongedza n'kupita kwa mayi anga ku Bangwe.

Mwamuna wanga Vitumbiko atabwera kudzanditenga anangoti, "Unali ndi mlamu wako, dzina lake Wezi. Amayi sakamba za iye, nawenso usawafunse." M'nyumba monsemo munalibe chithunzi cha Wezi. Patapita zaka, ife titasamukira ku Naperi, tinafuna kutcha mwana wathu wachiwiri dzina limenelo. Iwo anakana kwamtuwagalu, ndipo sanatiyendere mpaka titasankha lina.

Si ine ndekha amene ndinaona mbali imeneyi. Nyengo yozizira ikafika ankayenda m'makomo a anthu osaitanidwa, kugogoda ndi ambulera ija, kufunsa kumene mbaula igona. Akakumana ndi mwana m'njira ankamugwira chibwano, kumukweza nkhope n'kumuyang'ana milomo, kenako n'kumusiya. Amayi ena ankaseka. Ena ankakokera ana awo kumbuyo kwa chitenje. Gogo wokhala yekha, wochokera kutali, wokonda kusuzumira m'kamwa mwa ana a eni: anthu anayamba kunong'onezana kale, zisanafike poipa.

Za paketi ya siliva imene ankaisunga m'nyumbamo ndinazimva tili pamtendere, Lamlungu lina tikusankha mpunga pakhonde. Anati adakali pantchito anatumizidwa ku Joni kukaphunzira kasungidwe ka chakudya pogwiritsa ntchito cheza. Kumeneko nyama yophika kale ankaitsekera m'paketi yolimba yopanda mpweya, kuiumitsa ndi chisanu, n'kuilowetsa m'chipinda cha makoma ochindikala momwe munthu sapondamo makina akamagwira ntchito. Cheza chake n'chosaoneka, chachibale ndi chija amajambulira mafupa kuchipatala koma champhamvu koposa. Chimapyoza paketi n'kupha tizilombo tonse tili m'katimo. Nyamayo sipsa, chezacho sichitsaliramo, ndipo ikhoza kukhala zaka pashelefu popanda firiji.

Vuto linali mtundu. Cheza chimakhudzanso utoto uja wa mumnofu. Nyama ya ng'ombe yaiwisi imatuluka itadera, nthawi zina itabiriwira m'mbali ngati yowola, chonsecho ili bwinobwino. Nkhuku ndi nkhumba zimachita zosiyana, zimafiira. Ngakhale zophika mpaka kupsa zimatuluka zili pinki ngati sizinaonepo moto. Anabwerako ndi mapaketi angapo a nkhuku, mutu uli wodzaza ndi maloto. Dziko la magetsi ozimazima ngati lino, ankatero, limene nyama imaonongeka isanafike kwa odwala ndi ana asukulu, likufunika makina amenewa kuposa eni akewo. Anaitanitsa mabwana, anatsegula mapaketi, anagawa m'mbale. Mabwana aja anayang'ana, ananunkhiza, anakankhira mbale kutsogolo. Wina anati sangadye nkhuku yosapsa. Nkhani inathera pomwepo.

Paketi imodzi inatsala. Inkakhala m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sakuidyera kapena kuitaya. Anati imeneyo si yodya, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Ndiye kunabwera chaka chija cha mphekesera za anthu opopa magazi. Aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lofiira, anyamata ankatseka misewu ndi miyala kusecha magalimoto, mlendo wofunsa njira ankaika moyo pachiswe. M'masiku omwewo aNyaHarawa anaitana kalipentala kuti akonze kabati ija, chiswe chitaidya kumsana. Potulutsa mbale, munthuyo anapeza paketi, anaifinya, anamva kuti m'katimo muli mnofu. Iwo anamulanda mwaukali n'kumuthamangitsa ntchito isanathe. Madzulo ake nkhani inali itafika pa siteji ya minibasi. Mawa lake inali itakula: gogo wa ku labu uja akusunga nyama yosawola, ndipo nyama yosawola tonse tikuidziwa kuti ndi ya chiyani.

Loweruka masana ndinali komweko, nditawabweretsera mankhwala awo a BP. Tinamva chiphokoso chikukwera kuchokera kumsika, kenako mwala unagwa padenga. Nditasuzumira pawindo ndinaona bwalo ladzaza. Munali anyamata a zibonga, munalinso amayi amene ndinkawadziwa, ena opemphera nawo limodzi. Mnyamata wina wa malaya a timu ya mpira ananyamula botolo la petulo.

"Atuluke! Atulutse nyama ya munthuyo!"

Ine ndinathamangira kukakhoma chitseko, foni ili m'manja kuti ndiimbire Vitumbiko. Iwo anandigwira paphewa.

"NyaMuhiwa, siya foniyo. Tenga katebulo, mbale ndi mpeni. Ukaike pakhonde."

"Amayi, atipha anthu awa."

"Tikadzitsekera ndiye atiwotcheradi m'nyumba. Chita zimene ndakuuza."

Ndinatulutsa katebulo. Iwo anatuluka pambuyo panga atavala magalasi, paketi ija ataifungatira pachifuwa ngati khanda. Anayesa kufotokoza za Joni, za makina, za tizilombo, koma mawu awo anamira m'phokoso.

"Za sukuluzo ayi! Tsegulani tione!"

Anaika paketi patebulo, anatenga mpeni, ndipo anakhala nthawi yaitali osadula. Ine ndinkaganiza kuti akuopa anthuwo. Potsiriza anacheka m'mphepete, panamveka kaphokoso ka mpweya ukulowa, ndipo anakhuthulira m'mbale. Zinali zidutswa za chidale cha nkhuku, zonyowa, zosalala, za pinki wowala ngati m'kati mwa mlomo wa mwana. Ngakhale ine amene anandifotokozera kale, ndinabwerera m'mbuyo.

Mayi wina anakuwa, "Ndi mwana! Mnofu wa mwana umenewo!" Gulu linasunthira kutsogolo. Mnyamata wa petulo uja anayamba kutsegula botolo.

Apo m'pamene aMakwinja anatulukira, akukankha anthu ndi mimba yawo, epuloni ili magazi okhaokha, wefuwefu chifukwa chothamanga chitunda. Anakwera pakhonde n'kuima pakati pa tebulo ndi anthu.

"Mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Nkhuku, aMakwinja. Yophika."

"Ya liti?"

"Ya kale. Ena mwa ana awa asanabadwe."

AMakwinja anayang'ana m'mbale. Ndinaona kuti nawonso mantha awagwira. Kenako anatembenukira ku gulu lija.

"Tamverani inu. Mayi awa andizunza zaka zonsezi, makasitomala andithawitsira, mukudziwa nonse. Koma bodza pa nyama sananenepo. Akati nkhuku, ndi nkhuku."

Anatola chidutswa, anachinyenya ndi zala, anachinunkhiza, anakwinya nkhope, n'kuponya m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, anameza, anaima ngati akudikira kugwa. Kenako anapukuta pakamwa ndi epuloni.

"Mchere wachepa," anatero. "Komanso ikununkha ngati bulangete lonyowa. Koma ndi nkhuku."

Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumutsatira. Koma aNyaHarawa sankaona zonsezo. Maso awo anali m'mbale. Nyama ija, itakumana ndi mpweya patapita zaka zonsezo, inayamba kusintha. M'mphepete munayamba kutuwa, pinki uja akuzilala pang'onopang'ono, kubwerera ku mtundu wa nkhuku wamba yotsala dzulo. Anandigwira mkono mondipweteka.

"NyaMuhiwa, taona. Akupita."

Sananene kuti ikupita. Anati akupita. Anagwada pansi pakhondepo, mayi amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a abale ake, n'kuyamba kubuma, akuitana Wezi, Wezi, mwana wane. Kulira kwa maliro sikusokonezeka ndi kulira kwina. Amayi aja anayang'ana pansi, ena anamasula zitenje n'kuphimba kumaso. Anyamata anayamba kuchoka mmodzimmodzi, zibonga atazibisa kumbuyo. Botolo la petulo tinalipeza litasiyidwa pampanda.

Za Wezi aNyaHarawa anandiuza tsiku lomwelo, tili pakhonde pomwepo, aMakwinja atakhala pa sitepe chotifulatira ngati sakumva. Wezi anali fomu 2, akukonzekera mayeso, ndipo anali ndi chifuwa. Kunkazizira ngati mmene kunazizirira tsiku lija la mbaula yanga. Iwo eni, ndi manja awo, anakoleza makala, anadikira utsi uthe, analowetsa mbaula kuchipinda kwa mwanayo, anatseka windo, n'kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli kuti mphepo isamupeze. M'mawa anamupeza ali chigonere, buku lili pambali.

"Anali wokongola kuposa masiku onse," anatero. "Milomo ili yofiira bwino, zikhadabo zili pinki. Munthu wakufa saoneka choncho, NyaMuhiwa. Ndinamutikita mapazi. Ndinakangana ndi dokotala, ndinamuuza kuti ine ndimagwira ntchito mu labu, ayang'anenso. Ndinakana kuti amufunde kumaso. Mpaka tsiku loika, mtundu uja unalipo. Ndinakwirira mwana wooneka wamoyo."

Zaka zotsatira ankadzifunsa funso limene sakanatha kuuza munthu: kodi sanafulumire? Ndiye ku Joni kuja, mphunzitsi atang'amba paketi yoyamba kuti aonetse ophunzira, iwo anatuluka m'kalasi n'kukasanza. Unali mtundu womwe uja, osati wofanana nawo chabe. Chifukwa chake anadzachiwerenga patapita nthawi, atatsala pang'ono kupuma pantchito. Cheza chikamadutsa mu nyama chimatulutsamo kampweya pang'ono, kochepa koti sikangapweteke wodya, koma ndi mpweya womwe uja umatuluka m'makala, wopanda fungo, wopanda utsi. Ukagwira utoto wa mumnofu kapena wa m'magazi umaukakamira n'kuupatsa kufiira kowala. Choncho kufiira kumene anakuona pa milomo ya Wezi sikunali moyo wotsalira. Chinali chidindo cha chimene chinamupha.

Ndinawafunsa ngati kudziwa zimenezo kunawapepuza. Anati kunawachotsera funso limodzi n'kuwasiyira yankho lolemera kuposa funsolo. Paketi ija ankaisunga chifukwa ankadziwa kuti bola mpweya usalowe, m'katimo mtundu uja ulipobe. Sankafuna kuuona. Ankangofuna kudziwa kuti uli penapake m'nyumba.

Chichokereni tsiku limenelo anafatsa. Anthu a m'dera anayamba kuwapatsa moni wonyanyira, wogwada, umene iwo ankadana nawo kuposa miyala ija. Kalipentala uja anabwera ndi mkulu wa mpingo kudzapepesa, iwo anangomuloza kabati kuti amalize ntchito yake. Kumsika ankapitabe, koma kansalu koyera sanakatulutsenso. AMakwinja babu lawo sanalichotse, ndipo anandiuza pamaliro kuti masiku amene mayi aja ankagula mwakachetechete ndi amene ankawasowetsa mtendere. Mu Juni ankagogodabe m'makomo, ndipo tsopano anthu ankatsegula. Lamulo lija la maliro anandipatsa m'masiku amenewa, tikuchokera kuchipatala pa minibasi, akuyang'ana kunja ngati akunena za mtengo wa tomato.

Sabata yatha Vitumbiko anati nyumba ija tiikemo alendi, ndipo anandipempha kuti ndikalongedze za kuchipinda kwawo, iye mtima sukumulola. Zaka zonse zimene ndakhala m'banjali, chipinda cha apongozi ndinali ndisanalowemo. Nditatsegula chitseko ndinalandiridwa ndi mphepo. Mawindo onse awiri anali otsegula, ndipo nditayesa kuwakoka sanasunthe. Anawakhomerera ndi misomali ikuluikulu kuti asadzatsekekenso, misomali yake yadzimbiri, yoonetsa kuti inalowa kalekale. Pansi pa mawindowo khoma linadera ndi mvula ya zaka zambiri, simenti inafumbutuka. Bedi analikokera pakati pa chipinda, pamene madontho safika, ndipo pamwamba pake panali mabulangete ataunjikana mpaka m'chiuno mwanga, onse ozizira ndi chinyezi. Pamatiresi panali dzenje lalitali, lopapatiza, mbali imodzi yokha. Pakona ya denga anamzeze anamangapo zisa zadothi, zina zakale zogumuka, zina zatsopano. Ndili chiimire, mmodzi analowa pawindo la kuphiri, anazungulira pamwamba pa bedi, n'kutulukira linalo. Ndinakhala pamphepete pa bedilo, katoni yopanda kanthu ili pamiyendo, chifunga cha ku Soche chikulowa ngati kwawo.